Banyira wa pa Benchi la a Nagama

Panali mtsikana wina dzina lake Mwandida, amene ankakhala ndi amayi ake pafupi ndi kamsika ka m'mbali mwa msewu wa tala. Anali Folomu 4 pa sekondale yoyendera. Bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6, choncho chilichonse pakhomo pawo, kuyambira sopo mpaka fizi, chinkachokera pa benchi limodzi la matabwa pomwe amayi ake, a Nagama, ankagulitsa tomato, anyezi ndi masamba.

Mwandida sanali mwana wovuta ayi. Kungoti chinthu akapanda kuchimvetsa, sichinkamupatsa mtendere. Ankafunsa mpaka munthu kutopa. Amayi ake ankangoti, “Iwe, mafunso ena uzisungako a mawa.”

Teremu imeneyo aphunzitsi a masamu, a Kamtedza, anafika pa masamu a zamalonda: mpamba, phindu, kuluza, chiwongoladzanja ndi kapezedwe ka peresenti. Ana ambiri ankangoyasamula. Koma Mwandida anakhala tsonga, chifukwa aka kanali koyamba kuti masamu alankhule zinthu zomwe iye ankazigwira ndi manja tsiku lililonse.

Tsiku lina a Kamtedza anapereka ntchito yokachitira kunyumba.

“Aliyense akapeze bizinesi yeniyeni,” anatero. “Osati yopeka mutakhala pansi pa mango. Mukakhale pamenepo sabata yathunthu, mulembe cholowa ndi chotuluka, mundiuze phindu lake ndi peresenti ingati.”

Mwandida sanafunike kupita kutali. Akaweruka ankangovula yunifolomu, n'kutenga kope ndi bolopeni, n'kukakhala pa kabokosi kuseri kwa benchi la amayi ake.

Masiku awiri oyamba zonse zinkayenda bwino. Mulu wa tomato anayi unali K500. Izi n'zosavuta kulemba. Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkakana kulowa m'kopemo. Munthu akagula n'kulipira, asanatseke jumbo yake, dzanja la a Nagama linkabwereranso pa dengu n'kuponyamo kena kapamwamba. Mukudziwa amayi anzanga, banyira, kaja timati “ikaniponi kapamwamba”. Mwandida anakula akuona zimenezi, koma anali asanaziwerengepo. Tsopano anayamba kuwerenga.

Lufeyo, mnyamata wokazinga tchipisi pa chiwaya cha pasiteji, ankagula tomato wa K5,000, ndiye kuti tomato makumi anayi. Banyira wake anali tomato awiri. Mwandida analemba: 5 peresenti.

Mayi wina wogwira ntchito kuchipatala ankagula milu iwiri, tomato asanu ndi atatu. Banyira wake anali mmodzi. Mwandida analemba: 12 ndi theka peresenti.

Kenako kunkabwera amake Yanjo. Amenewa aliyense ankawadziwa. Amuna awo anali ku Joni, nyumba yawo inali ya malata, yopaka penti wabuluu, padenga pali dishi ya kanema. Ankayenda atavala wigi, kachikwama m'khwapa, foni m'manja, ambulera pamutu kuopa dzuwa. Iwowa ankagula mulu umodzi basi, tomato anayi. Koma dzanja la a Nagama linkaponyamo tomato awiri, kuwonjezapo anyezi, tsiku lina mpaka kamtolo ka mpiru. Mwandida anawerenga kawiri, akuganiza kuti walakwitsa. Tomato yekhayo anali 50 peresenti.

“Amayi,” anafunsa kasitomala atachoka, “banyira mumaika peresenti ingati?”

“Pere chani?”

“Pa tomato handiredi aliyense amene mwagulitsa, mumapereka angati aulere?”

A Nagama anaseka. “Ine ndiwerenge tomato handiredi, makasitomala azidikira? Dzanja limangotola, mwanawe.”

Yankho limenelo silinamukwanire Mwandida. Dzanja silingangotola. Payenera kukhala lamulo. Anayesa kuona ngati wogula zambiri ndiye amalandira zambiri, koma zinali zosemphana. Anayesa kuona ngati ndi chibale, koma amake Yanjo sanali mbale wawo. Anayesa za mpingo, koma ankapemphera kosiyana. Anayesa masiku, kuti mwina Lachisanu dzanja limamasuka, koma ayi. Anajambula mpaka girafu ya masamu, madontho ake n'kungobalalika pepala lonse ngati nkhuku zatayirapo madeya.

Anapita nayo girafuyo kwa a Kamtedza. Iwo anaiyang'ana, anavula magalasi, n'kuiyang'ananso.

“Mayi ako ndi munthu wamisala?”

“Ayi, sala.”

“Bizinesi yawo yatha zaka zingati?”

“Khumi ndi ziwiri.”

“Ndiye lamulo lilipo. Munthu wongotaya katundu mwachisawawa satha zaka khumi ndi ziwiri pamsika. Ansala ikamasinthasintha iwe osadziwa chifukwa, ndiye kuti pali nambala ina imene sunailembe. Pita ukaifunefune.”

Asanaipeze nambalayo, kunabwera nkhani ina. Ahedi analengeza kuti ndalama ya mayeso a Folomu 4 iyenera kukhala italipiridwa yonse pofika Lolemba, pakatha masabata awiri. Wosamaliza dzina lake silipita, adzalemba chaka chinacho. A Nagama anamasula kathumba komwe ankasungiramo ndalamayo, anawerenga pamphasa, anawerenganso. Mwezi wapitawo madengu awiri a tomato anawaolera pa lole itafera panjira, ndipo anatapako pakathumbapo kuti mpamba usafe. Inkaperewera K18,000.

“Tikongola,” anatero a Nagama motsitsa mawu.

“Kwa akatapila? Amayi, ndawerengera ine chiwongoladzanja chawo m'kalasi. Mukatenga K18,000 lero, pofika Janyuwale benchi lino ndi lawo.”

Mwandida anatsegula kope lake. Maso ake ankawala, chifukwa ansala anali nayo kale.

“Taonani. Banyira amene mumapereka madzulo aliwonse ndi pafupifupi tomato khumi ndi awiri. Mukanamugulitsa, ndi K1,500. Kuyambira mawa Lolemba mpaka Loweruka la sabata yamawa, kuchotsa Lamulungu, ndi masiku khumi ndi awiri ogulitsa. Mukachulukitsa, ndi K18,000 ndendende. Sitikongola kwa munthu, sitiba, sitikweza mtengo. Tingosiya kutaya.”

A Nagama anasisita bondo lawo.

“Masamu ako ndi oona,” anatero. “Ndipo mayesowa ndi ako. Chabwino. Ine madzulo ndizipita kudimba kukathirira kabichi, mvula yachedwa. Ukaweruka, benchi ndi lako mpaka Loweruka lachiwirilo. Uchite monga kope lako likukuuzira.”

Lolemba madzulo Mwandida anaima kuseri kwa benchi, atamanga chitenje cha amayi ake m'chiuno. Woyamba kufika anali Lufeyo ndi beseni lake. Anawerengerana tomato makumi anayi, analipira, n'kuima.

“Basi?”

“Basi, achimwene.”

“Nanga kapamwamba kaja?”

“Banyira ali pa holide.”

“Holide! Abwera liti?”

“Tikamaliza kulipira mayeso.”

Lufeyo anatembenuka n'kufuula kwa amayi a mabenchi oyandikana. “Mwamva? Folomu 4 yatilanda tomato! Mwana uyu akadzakhala wa kubanki, tidzafa tili pamzere!”

Msika wonse unaseka, Mwandida nayenso anaseka. Ena anang'ung'udza pang'ono, ena anamutcha dzanja lachitsulo, koma ambiri anagulabe, poti tomato wa a Nagama anali wabwino.

Amake Yanjo anafika dzuwa litapendeka. Anapereka moni wawo waulemu, anasankha mulu umodzi, anapereka K500. Mwandida anathira tomato anayi m'jumbo. Jumboyo inakhalabe yotsegula kanthawi kochepa chabe, kongokwanira kupuma kamodzi. Kenako mayiwo anaseka pang'ono, anaitseka.

“Ndamva zoti banyira ali pa holide. Zili bwino, sukulu ndi yofunika. Uwapatse moni amayi.”

Tsiku limenelo atawerenga ndalama, K1,500 yapamwamba inalipodi. Mwandida anaiika m'kathumba mtima uli mbee. Masamu ankagwira ntchito.

Lachinayi amake Yanjo anafunsa ngati mulu ungagawike pakati. “Ana anga sakonda tomato wambiri m'ndiwo,” anatero. Mwandida anagawa, analandira K250. Loweruka anafunsa za tomato wophwanyika amene ankakhala m'kabeseni pansi pa benchi. “Ndikapatse nkhuku.” A Nagama ankangopereka ameneyo, koma Mwandida anali atamuikira mtengo, K200 kambale. Mayiwo anafufuza m'kachikwama nthawi yaitali, dzanja lili mkati momwemo, kenako anatulutsa ndalamayo. Lolemba ndi Lachiwiri sanaoneke. Mwandida anazindikira kuti sanabwere, koma anangoti mwina apita kutauni kukagula m'masitolo akuluakulu, poti ndi anthu a ku Joni.

Lachitatu la sabata yachiwiri, tsiku lachisanu ndi chinayi, anabweranso. Anatenga kambale ka wophwanyika uja, analipira, nachoka mofulumira poona kuti kukubwera anzawo awiri a kutchalitchi kwawo. Pochoka anaiwala ambulera, itatsamira pa mwendo wa benchi.

Mwandida akanatha kuisunga mpaka mawa. Koma ndanena kale kuti anali mwana wofuna kudziwa. Kuyambira kalekale ankalakalaka ataona mkati mwa nyumba yabuluu ija. Anthu ankati muli masofa achikopa ndi firiji yotalika ngati munthu. Atalongedza katundu, dzuwa lisanalowe, anatenga ambulera ija n'kulunjika komweko.

“Odi!”

Anatsegula anali Yanjo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana sadziwa zobisa. Anangokankha chitseko chonse kuti pululu.

“Lowani, asisi! Amayi ali kuseri.”

Mwandida analowa phazi limodzi, n'kuima. Pabalaza panalibe kanthu. Pa simenti panali zizindikiro zinayizinayi pomwe panali miyendo ya masofa. Pakhoma panali chingwe chochokera ku dishi ija, chikulendewera chokha, kanema palibe. Panali mphasa imodzi ndi chigubu cha madzi. Kudzera pakhomo la kuseri anaona khola la nkhuku lili lotsegula, mkati mwamera udzu. Pambali pake panali mbaula, ndipo amake Yanjo, opanda wigi, atamanga kansalu kumutu, anali atagwada akuchotsa ndi mpeni mbali zoola za tomato uja, zabwinozo akuponya mumphika.

“Lero tili ndi ndiwo zofiira!” anatero Yanjo mokondwa, akudumphadumpha. “Dzulo tinadyera mchere. Dzana tinadyeranso mchere.”

Amake Yanjo anatembenuka. Maso awo anakumana ndi a Mwandida. Mpeni unaima. Anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja pa chitenje, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene amupeza akusamba.

“Mipando... mipando ili kokonzetsa,” anatero.

Mwandida anayang'ana pansi, n'kupereka ambulera ndi manja awiri.

“Eya, akalipentala a masiku ano amachedwetsa zinthu,” anatero. “Munaiwala iyi. Tsalani bwino, amayi.”

Njira yonse yobwerera sanaone munthu. Atafika kunyumba anawapeza amayi ake akutsuka matope a kudimba kumapazi.

“Amayi, munkadziwa?”

A Nagama sanafunse kuti za chiyani. Anangoyang'ana nkhope ya mwana wawo.

“Wapita ku nyumba yabuluu.”

“Anakuuzani liti?”

“Sanandiuzepo. Munthu ngati ameneuja sanena. Chaka chatha ankatuma wantchito kudzagula milu itatu. Kenako anayamba kubwera okha. Kenako milu iwiri, kenako umodzi. Tsiku lina popereka ndalama ndinaona pachala pali mzere woyera, mphete palibe. Foni ija amaigwira, koma sindinaionepo itayaka chiyambire Epulo. Ndipo munthu amene ali nazo sawerengera ndalama m'kati mwa chikwama. Bambo aja kaya akudwala, kaya apeza wina, sindidziwa, ndipo si zanga. Ine ndimangoona jumbo.”

“Nanga bwanji simunandiuze? Masiku onsewa ana aja...”

“Ndikanakuuza, ndikanakhala ndawavula pamaso pa mwana. Mtima unkandipweteka, usaganize kuti ayi. Kawiri ndawadutsira ndi masamba a kudimba, n'kunena kuti andichulukira. Kachitatu akanazindikira.”

Mwandida anakhala pansi pakhonde. Mutu wake unali utayamba kale kuwerengera.

“Ndiye n'zosavuta. Mawa ndiwaikira iwo okha. Tomato awiri ndi anyezi, K350. Masiku atatu, K1,050. Imeneyo tingaipeze.”

A Nagama anapukusa mutu.

“Msika wonse ukudziwa kuti banyira ali pa holide. Iwe wemwe unalengeza. Lero waona m'nyumba mwawo. Mawa uwaikire iwo okha, anthu akuona. Ukuganiza adzamva chiyani? Adzamva kuti mwana wa Nagama wandimvera chisoni pagulu. Adzabweza tomatoyo, ndipo sadzapondanso pa benchi lathu, ngakhale ana agone ndi njala.” Anatsanulira madzi otsala pa maluwa. “Ukuganiza Lufeyo amasowa tomato awiri? Ndimamuikira kuti wa amake Yanjo asaoneke. Banyira aliyense amalandira mutu uli m'mwamba, chifukwa ndi wa aliyense. Ndipo usaganize kuti ali okha. Alipo ena atatu pa makasitomala athu. Mayina usandifunse.”

Apa ndi pamene Mwandida anaona kukula kwa nkhaniyo. Kuti mayi mmodzi alandire tomato awiri osachita manyazi, pankafunika kuikira msika wonse. Osati K350 pa tsiku, koma K1,500 yonse. M'kathumba munali mutalowa K13,500. Kunatsala masiku atatu, ndi K4,500. Akabweza banyira, ndalama ya mayeso siikwana Lolemba, ndipo zaka zinayi za sekondale zidikira chaka china.

“Ndichite bwanji, amayi?”

“Ndinati benchi ndi lako mpaka Loweruka. Sindibweza mawu. Ukapitiriza monga wayambira, sindidzakuda, ndipo palibe angakunene. Mayeso si chinthu chamasewera.”

Lachinayi m'kalasi Mwandida sanamve chilichonse. Anawerengera njira zonse kuseri kwa kope. Kuchepetsa banyira ndi theka, sizinakwane. Kuikira amayi okhaokha, Lufeyo akanafuula. Kudikira mpaka Lolemba, ndiye kuti masiku ena anayi a mchere. Iliyonse ansala inkabwera yomweyo: wina ayenera kuluza.

Madzulo anaima pa benchi. Kunali kotentha, mitambo ikungosonkhana osagwetsa kanthu. Lufeyo anafika ndi beseni lake. Pambuyo pake panali mayi wa kuchipatala uja. Ndipo chapatali pang'ono, pafupi ndi ogulitsa makala, panaima amake Yanjo, wigi ili m'mutu, ambulera ili pamwamba. Sankayandikira. Ankaoneka ngati akuyang'ana makala, koma Mwandida anadziwa kuti akulimbana ndi miyendo yawo, kuti afike kapena abwerere.

Anawerengera Lufeyo tomato makumi anayi. Analandira K5,000. Lufeyo anayamba kunyamula beseni, poti anali atazolowera. Dzanja la Mwandida linali pamphepete pa dengu. Anaganiza za mndandanda wa mayina pa ofesi ya ahedi. Anaganiza za Yanjo akudumphadumpha chifukwa cha tomato woola.

Anatola awiri akuluakulu n'kuponya m'beseni.

Lufeyo anayang'ana m'beseni, anayang'ana Mwandida, n'kutsitsa beseni pansi.

“Anthuni! Banyira wabwerako ku holide! Wanenepanso! Mayi a makala, imbani nthungululu!”

Amayi a mabenchi oyandikana anaseka, wina anaimbadi nthungululu. Mayi wa kuchipatala analandira wake mmodzi. Wotsatira analandira wake. Pamene amake Yanjo ankafika pa benchi, anthu asanu anali atalandira kale, ndipo panalibe amene ankayang'ananso m'jumbo ya mnzake.

“Theka la mulu,” anatero motsitsa mawu, osakweza maso.

Mwandida anathira awiri, analandira K250. Kenako, akuyang'ana kumwamba, anati, “Kutentha kumeneku, mvula igwa koma sabata ino?” Uku dzanja likuponyamo tomato atatu, anyezi, ndi kamtolo ka mpiru.

“Igwa,” anatero amake Yanjo. Anatseka jumbo. Anaima pang'ono ngati akufuna kunena zina, kenako anangoti, “Ambulera ija, zikomo.” Ndipo anachoka akuyenda monga ankayendera kale, msana uli chilili.

Lachisanu zinali chimodzimodzi. M'kathumba simunalowe kanthu.

Tsono K4,500 ija sinagwe kuchokera kumwamba. Palibe mlendo wachifundo amene anatsika m'galimoto. Loweruka m'mawa pamsikapo pamabwera lole ya mbatata ndi kabichi, ndipo eni katundu amalemba aganyu osenza madengu kuchoka pamsewu kukafika kumashedi, K300 dengu limodzi. Ndi ntchito ya anyamata amphamvu ndi amayi amene alibiretu pogwira. Mwandida anawerengera: madengu khumi ndi asanu. Anapinda nkhata, n'kukaima pamzere.

“Iwe wa Folomu 4, wasochera?” anafunsa mwini lole.

“Sindinasochere, bambo. Ndisenzeni.”

Dengu lachitatu khosi linayamba kuwawa. Lachisanu ndi chimodzi, madzi a kabichi woola anali atamuyenderera kumaso ndi pa bulauzi. Ali pa lachisanu ndi chinayi, anzake a m'kalasi anadutsa pamsewu akupita kukawerenga kusukulu, atatchena zovala za Loweruka, makope m'manja.

“Eee, si Mwandida uyo? Akauntanti wathu!”

“Dengu limenelo ndi peresenti ingati, Mwandi?”

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mwandida anamva nkhope yake ikuyaka. Akanatha kuwauza chifukwa chake, ndipo akanasiya kuseka, mwinanso akanamutama. Koma kunena chifukwa kunali kutchula nyumba yabuluu. Analuma mlomo, n'kupitirira ndi dengu lake.

Lakhumi ndi chisanu analitula atatheratu. Analandira K4,500 yake, yonyowa ndi thukuta. Madzulo anaimanso pa benchi n'kuikira aliyense banyira, ngakhale mkono unkakana kukwera. Atafika kunyumba amayi ake anamukhazika pamphasa. Anatenthetsa madzi, ananyika kansalu, n'kuyamba kumuthowa khosi. Lolemba m'mawa, khosi lili louma ngati mtengo, Mwandida anapereka ndalama yonse ku ofesi, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa olemba mayeso.

Amake Yanjo sanadziwe za madengu aja. Mpaka lero sadziwa.

Amayi anzanga, fanizo langa lathera pamenepa. Ine si mlaliki wodziwa kukweza mawu, koma ndiloleni ndinene chimene ndikuonamo.

Masamu a Mwandida sanalakwe, ndipo ana athu tiziwalimbikitsa kuwaphunzira. Iwo anamuuza zoona, kuti banyira si waulere. Wolandira ndiye amaona ngati waulere, koma pali wina amene amamulipira. Chimene kope silikanamuuza n'chakuti chifundo chili ndi mitengo iwiri. Pali mtengo wa chinthu chimene wapereka, ndipo umenewo ndi wochepa, tomato awiri. Ndiye pali mtengo woti wolandirayo asachite manyazi, ndipo umenewo ndi wokwera. Ambirife timalipira woyambawo n'kuthawa wachiwiri. Timatenga thumba la ufa, timaitana mayi wamasiye kutsogolo kwa mpingo, timatchula dzina lake, wina n'kujambula pa foni. Ufa walandira, inde. Koma tamulipiritsa ndi nkhope yake, ndipo mwina inali chinthu chomaliza chimene anatsala nacho.

Mulungu wathu sachita nafe choncho. Tonse tabwera muno titavala bwino, koma Iye amadziwa pabalaza pa mtima wa aliyense, pomwe patsala zizindikiro zokha za zinthu zimene zinalipo. Amadziwa amene wabwera ndi theka la mulu. Komabe satiimiritsa pagulu. Amaitana tonse pa gome limodzi, amapatsa tonse, kuti amene wasowa kwambiri atenge zambiri popanda womuloza chala. Ndipo manyazi amene anayenera kukhala athu, Ambuye Yesu anawasenza okha, masana, pamsewu, anthu akuseka, osatsegula pakamwa kutchula dzina la mmodzi wa ife.

Ndiye sabata ino, mukaona jumbo ya mnzanu yakhala yotsegula kanthawi, musafunse mafunso, ndipo musakauze munthu. Funani njira yoti alandire mutu uli m'mwamba. Ikakhala yodula, ikakupwetekani khosi, musadabwe. Mtengo wake ndi umenewo, ndipo ife anatilipirira kale.